Mafunso ndi Mayankho: Kusonkhanitsa Mbale Zakale za Country ndi Bluegrass

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akukhudza mbale zakale za nyimbo za ku America za chamba cha country ndi bluegrass. Ena mwa olembawo angoyamba kumene kusonkhanitsa mbalezi, pomwe ena azipeza mwangozi m'mabokosi a makolo awo. Ndasankha makalata angapo, ndipo ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Akonzi, bambo anga atamwalira anandisiyira bokosi la mbale za galamafoni pafupifupi 40. Ndi zolemera, zakuda bii, ndipo iliyonse ili ndi nyimbo imodzi mbali iyi ndi ina mbali inayo. Zambiri zalembedwa dzina la Jimmie Rodgers ndi la Carter Family. Nditaika imodzi pa makina anga, mawu anatuluka okoka ngati a munthu woledzera, ndipo phokoso lokanda linaposa nyimbo. Ina inasweka ndikuitulutsa m'chikuto chake. Kodi mbalezi zinatha ntchito?
— Mwana wamasiye wokonda nyimbo

YANKHO: Pepani chifukwa cha imfa ya bambo anu. Mbalezo musazitaye, pakuti mwa zonse mwafotokozazi palibe chimene chikusonyeza kuti zinatha ntchito. Mbale zimene muli nazozo ndi za mtundu umene umazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, pomwe makina ambiri a masiku ano amazungulira maulendo 33 kapena 45 okha, ndipo n'chifukwa chake mawu a woimbayo anamveka okoka. Mbale za maulendo 33 zinatulutsidwa ndi kampani ya Columbia mu 1948, za maulendo 45 zinabwera ndi RCA Victor mu 1949, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makampani a ku America anali atasiya kupanga za maulendo 78. Chotero choyamba mufunika makina amene ali ndi liwiro limeneli.

Phokoso lokandalo gwero lake ndi singano. Timizere ta pa mbale zakalezi n'totakata kuposa ta pa mbale za pulasitiki, mwakuti singano yake yoyenera imakhala yonenepa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya masiku ano. Pogula mudzaona kuti ya mbale zakale yalembedwa 2.5 mil kapena 3 mil, pomwe ya masiku ano yalembedwa 0.7 mil (mil ndi muyeso wa kunenepa kwa nsonga ya singano). Singano yopyapyala imalowa mpaka pansi pa kamzere, kumene kulibe nyimbo, n'kumakokolola fumbi ndi zipsera za zaka 90, m'malo moti igwire m'mbali mwa kamzereko mmene mawu anadindidwa. Mukasintha singano yokha mudzadabwa kumva mmene gitala wa Maybelle Carter wa m'gulu la Carter Family akumvekera pafupi.

Mwina mukuganiza zofunafuna galamafoni yopukusa ndi dzanja kuti mumve monga ankamvera bambo anu. Sindikukuletsani, koma dziwani kuti mutu wake umakanikiza mbale ndi kulemera kopitirira magalamu 100, pomwe makina amagetsi amakanikiza ndi magalamu osapitirira asanu. Singano zake zachitsulo zinapangidwa kuti ziziimba mbali imodzi ya mbale n'kutayidwa, ndipo mbale zambiri zimene lero zikuoneka zotuwa zinaperepesedwa ndi anthu amene ankaumira singano. Mbale imene mumaikonda kwambiri musaiike pa makina amenewo.

Za kuswekazo, chifukwa chake n'chakuti mbalezi si za pulasitiki. Zinapangidwa ndi shellac, ulimbo umene umachokera ku tizilombo tina topezeka kwambiri ku India ndi ku Thailand, wosakaniza ndi ufa wa miyala. Sizipindika, zimangothyoka ngati phale. Muzizigwira ndi manja awiri m'mphepete, ndipo musamazinyamule zambiri pa mulu umodzi. Chenjezo lalikulu koposa ndi ili: musazipukute ndi sipiriti kapena ndi mankhwala otsukira mbale za pulasitiki, chifukwa ambiri mwa mankhwalawo ali ndi sipiriti, ndipo sipiriti amasungunula shellac. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Ndili mnyamata ndinanyowetsa kansalu n'kupukuta mbale imene ndinkaiona ngati yakuda kwambiri, ndipo nditayang'ana kansaluko kanali katada bii, mbaleyo itachita mbuu ngati yothiridwa phulusa, timizere take titafufutika mbali yonse imene ndinadutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo inu mwachita bwino kufunsa. Gwiritsani ntchito madzi oyera bwino, kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, ndi kaburashi kofewa koyendetsa motsatira timizere. Musanyowetse kapepala kapakati, musaviike mbale m'madzi, ndipo muiumitse ili chiimire kwa tsiku lathunthu musanaibwezere m'chikuto.

Maina awiri mwatchulawo anayambira malo amodzi. Pakati pa 25 Julayi ndi 5 Ogasiti 1927, Ralph Peer wa kampani ya Victor anaika makina ojambulira mawu m'nyumba ina mu mzinda wa Bristol, m'malire a Tennessee ndi Virginia, ndipo anajambula nyimbo 76 za oimba ndi magulu 19. Mwa iwo munali Jimmie Rodgers ndi a Carter atatu, A.P., Sara ndi Maybelle. Rodgers anangojambula kwa zaka zisanu ndi chimodzi, pakuti anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku New York pa 26 Meyi 1933, patangopita masiku awiri atajambula nyimbo zake zomaliza. Mbale iliyonse ya iye imene ili m'bokosi lanulo, mawu ake anajambulidwa m'zaka zochepa zimenezo.

FUNSO: Bambo, ndakopeka ndi bluegrass koma zimbale zake n'zambiri ndipo ndikusowa poyambira. Anzanga ena akuti chamba chimenechi n'chakale kwambiri, cha anthu a m'mapiri a zaka mazana apitawo. Kodi ndiyambe ndi mbale ziti kuti ndikhale ndi maziko enieni?
— Wokonda banjo

YANKHO: Anzanuwo akunena zoona pang'ono chabe. Nyimbo zambiri zimene oimba a bluegrass amaimba n'zakaledi, ndipo zina zinachokera ku Scotland ndi ku Ireland, monganso banjo inachokera ku zoimbira zimene anthu otengedwa ukapolo ku Africa ankapanga ku America. Koma kaimbidwe kameneka n'kaposachedwa, ndipo tingathe kuloza chaka chimene kanayambira, chinthu chimene chimapepukitsa ntchito ya wosonkhanitsa.

Bill Monroe, woimba mandolin wobadwira ku Rosine mu 1911, anatcha gulu lake Blue Grass Boys potengera dzina limene dera la kwawo la Kentucky limadziwika nalo, ndipo analowa pa pulogalamu ya Grand Ole Opry ya pa wailesi ya WSM ku Nashville mu Okutobala 1939. Apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amasokonekera, chifukwa amaganiza kuti mbale iliyonse yolembedwa Blue Grass Boys ndi bluegrass. Zimene gululi linajambula ku Atlanta mu 1940 ndi 1941 zilibe banjo ngakhale pang'ono, ndipo zimene linajambula mu Febuluwale 1945 zili ndi akodiyoni ndiponso banjo yoimbidwa mwachikale. Kusintha kunabwera mu Disembala 1945 pamene mnyamata wa zaka 21 wa ku North Carolina, Earl Scruggs, analowa m'gululi ndi luso lake lokodola nsambo zisanu za banjo ndi zala zitatu. Anapezamo Lester Flatt pa gitala, ndipo pamodzi ndi Chubby Wise pa vayolini ndi Howard Watts pa besi anajambula nyimbo 28 za kampani ya Columbia ku Chicago mu 1946 ndi 1947. Yambani ndi nyimbo 28 zimenezo, ndipo muzimve mobwerezabwereza musanagule china chilichonse.

Mukatero tsatirani anthuwo kumene anapita. Flatt ndi Scruggs anachoka mu 1948 n'kuyambitsa gulu lawo la Foggy Mountain Boys, ndipo zimene anajambula ku kampani ya Mercury pakati pa 1948 ndi 1950, asanapite ku Columbia, ine ndimaziona ngati zaukali ndi zamoyo kuposa zonse zimene anadzachita pambuyo pake atatchuka pa wailesi yakanema. Abale awiri Carter ndi Ralph Stanley a ku Virginia anayamba mu 1947 pa kakampani kakang'ono ka Rich-R-Tone ka ku Johnson City, kenaka anapita ku Columbia mu 1949 ndi ku Mercury mu 1953. Kulowa kwawo ku Columbia kunamukwiyitsa Monroe, amene ankawaona ngati akumubera kaimbidwe, mwakuti anasamukira ku Decca, kumene kuyambira 1950 anajambula ndi Jimmy Martin nyimbo za mawu okwera ndi osungulumwa zimene ambiri amati ndiye mtima wa chamba chonsechi. Onjezani Don Reno ndi Red Smiley pa King, komanso Jim ndi Jesse McReynolds pa Capitol, onse kuyambira 1952, ndipo mwamanga maziko amene mwafunsa.

Za m'zaka zotsatira ndingotchulapo ziwiri. Hazel Dickens ndi Alice Gerrard anatsegulira amayi njira m'zaka za m'ma 1960, pa nthawi imene magulu pafupifupi onse ankatsogoleredwa ndi amuna. Ndipo chimbale cha J.D. Crowe ndi gulu lake la New South cha mu 1975, mmene muli Tony Rice, Ricky Skaggs ndi Jerry Douglas, n'chodziwika kwambiri mwakuti okonda chamba chimenechi amangochitchula ndi nambala yake ya ku kampani ya Rounder, 0044, ndipo aliyense amadziwa chimene akunena.

FUNSO: Akonzi, ndinagula chimbale chotsika mtengo cholembedwa kuti muli nyimbo 20 zotchuka za woimba wina amene ndimamukonda. Pachikuto pali chithunzi chake ali mnyamata, koma mawu ake m'katimo ndi a munthu wachikulire, ndipo zoimbira zake si zimene ndinazolowera. Kodi anandigulitsa chimbale chachinyengo?
— Wokhumudwa

YANKHO: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwina woimbayo ndi yemweyo ndithu, ndipo ogulitsawo sanaswe lamulo lililonse, koma mwakumana ndi msampha umene wosonkhanitsa aliyense amagweramo kamodzi. Nkhani yake ndiikhalira pang'ono, chifukwa ndiyo imasiyanitsa munthu wongogula zimbale ndi munthu wodziwa chimene akugula. Dzina la woimba ndi dzina la nyimbo sizikwanira. Chimene mukufuna ndi kujambula kwa tsiku lakutilakuti, mu situdiyo yakutiyakuti, pa kampani yakutiyakuti, ndipo zimenezi chikuto chotsika mtengo sichikuuzani.

Oimba a country ankasamukasamuka. George Jones anayamba ndi Starday mu 1954, n'kudutsa ku Mercury, United Artists ndi Musicor asanakhazikike ku Epic. Johnny Cash anayamba ndi Sun ku Memphis mu 1955 n'kupita ku Columbia mu 1958. Woimba akachoka, matepi a nyimbo zake ankatsala m'manja mwa kampani yakale, ndiye kampani yatsopano, kapena kakampani kena kamene kamupeza atakalamba ndi kusowa ndalama, kankamulowetsa mu situdiyo kuti aimbenso nyimbo zomwezo. Zimenezo ndizo mwagulazo. Pogula muziyang'ana kumbuyo kwa chikuto, kumunsi, kumene timalemba timakhala tating'ono ngati nyerere. Mukaona mawu akuti re-recorded kapena new stereo recordings, dziwani kuti ndi zoimbanso. Mukaona kachilembo P kali m'kati mwa kamzere kozungulira, chaka chotsatira pamenepo chimasonyeza pamene kujambulako kunatulutsidwa koyamba, ndipo ngati nyimbo inatchuka mu 1956 koma pamenepo palembedwa 1978, mwadziwa kale zimene zili m'katimo. Chimbale chimene sichikutchula chaka chilichonse kapena kampani yoyamba, ine ndimachibwezera pamene ndachipeza.

Sikuti kuimbanso konse n'koipa. A Carter Family anajambulanso mu 1935 nyimbo zambiri zimene anali atajambula kale ku Victor, ndipo zina mwa izo zinatuluka zokhwima kuposa zoyambazo. Bill Monroe anajambulanso mu 1954 nyimbo yake ina ya mu 1946 atamva mmene Elvis Presley anaithamangitsira, ndipo zonse ziwiri n'zoyenera kukhala nazo. Chodabwitsa china n'chakuti pa nyimbo yotchuka ya Roy Acuff yonena za sitima ya pamtunda, amene anaimba pa mbale ya mu 1936 ndi mnzake wa m'gululo, Sam Hatcher, ndipo mawu a Acuff mwiniwake amamveka pa imene anajambula mu 1947. Choipa ndi kubisa, kuti wogula asadziwe chimene wapatsidwa.

Pali misampha ina iwiri yofanana ndi umenewu. Woyamba ndi kuwonjezera zoimbira pa mawu a munthu amene anamwalira kale. Hank Williams anamwalira pa 1 Januwale 1953 ali ndi zaka 29, ndipo kampani ya MGM, posowa zatsopano zogulitsa, inatenga zimene iye anajambula ali yekha ndi gitala n'kuikapo gulu loimba, kenaka m'zaka za m'ma 1960 inathira mavayolini ambirimbiri pa nyimbo zake zodziwika. Jim Reeves atamwalira pa ngozi ya ndege pa 31 Julayi 1964, nyimbo zake zinapitirira kutuluka kwa zaka zambiri zitavekedwa zoimbira zatsopano, mpaka mu 1981 mawu ake analumikizidwa ndi a Patsy Cline, amene anamwalira mu Malichi 1963, ngati kuti awiriwa anaimbira limodzi, pomwe sanajambulepo limodzi ali moyo. Msampha wachiwiri ndi stereo yabodza. Mbale za stereo, zimene mawu ake amatulukira mbali ziwiri mosiyana, zinayamba kugulitsidwa cha mu 1958, ndipo pofuna kugulitsanso zakale, makampani ankagawa pawiri mawu a mono, amene anajambulidwa ngati a mbali imodzi yokha, okhuthala mbali ina ndi opyapyala mbali inayo, n'kuthiramo kamkokomo ngati munthu akuimbira m'chitsime. Pachikuto pamalembedwa reprocessed kapena rechanneled. Chimbale chilichonse cha Hank Williams cholembedwa stereo chinakhudzidwa ndi manja a munthu wina, chifukwa iye anamwalira stereo isanafike pa msika.

FUNSO: Kodi ndingadziwe bwanji kuti mbale ya maulendo 78 imene ndapeza ndi yoyambirira yeniyeni, ndipo kodi ukale wake ukutanthauza kuti ndi ya ndalama zambiri?
— Wofuna kudziwa

YANKHO: Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa yankho lake limakhumudwitsa ambiri. Ukale pawokha sukweza mtengo. Mbale ya woimba wotchuka inadindidwa yambirimbiri, ndipo zambiri zikadalipo. Vernon Dalhart anagulitsa mbale zoposa miliyoni imodzi za nyimbo yake ya mu 1924, mwakuti lero mbale zake zimapezeka paliponse pamene pali mulu wa mbale zakale za ku America, ndipo osonkhanitsa amangozidumpha. Zosowa ndi zimene zinatuluka pa nthawi imene anthu analibe ndalama zogulira. Mu 1927 ku America kunagulitsidwa mbale pafupifupi 104 miliyoni, koma mu 1932, chuma chitagwa, zinangokwana 6 miliyoni. Mbale ya Victor inali pa masenti 75, ndalama imene mlimi wa thonje kapena wogwira ntchito mu mgodi wa malasha sakanaitaya pa nyimbo m'zaka zimenezo. N'chifukwa chake mbale za Jimmie Rodgers za mu 1928 n'zosavuta kupeza, pomwe zake za mu 1932 ndi 1933 n'zosowa, ngakhale kuti woimba ndi mmodzi. Momwemonso ndi zotuluka ku makampani ang'onoang'ono monga Gennett ya ku Richmond, Indiana, ndi Paramount ya ku Wisconsin, komanso mbale zinayi zimene Hank Williams anajambula ku Sterling mu Disembala 1946 ndi Febuluwale 1947 asanalowe ku MGM. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inachepetsanso zotsalazo, chifukwa shellac atasowa mu 1942, mbale zakale zinkasonkhanitsidwa n'kuphwanyidwa kuti apangire zatsopano.

Pofuna kudziwa ngati ndi yoyambirira, muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi kapepala kapakati. Nyimbo imodzi inkatuluka pa maina a makampani osiyanasiyana: imene inayamba pa Victor inkadzatulukanso pa Bluebird, dzina limene kampani yomweyo inkagulitsira mbale zotsika mtengo, kapenanso pa Montgomery Ward, sitolo imene inkatumiza katundu kwa anthu a kumidzi kudzera pa positi. Ku Britain ndi ku Australia nyimbo za Rodgers zinkatuluka pa Regal Zonophone. Chachiwiri ndi nambala yaing'ono yodindidwa pa malo osalala a pakati pa timizere tomaliza ndi kapepala. Imeneyi ndi nambala ya chikombole chimene mbaleyo inadindidwira, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala kanambala kapena kachilembo kosonyeza kuti kunali kuyesa kwachingati pa tsikulo. Ipendeketseni mbaleyo pa kuwala kuti muione bwino. Mbale ziwiri za nyimbo imodzi zikhoza kukhala ndi kuyesa kosiyana, ndipo mukamvetsera mumapeza kuti woimbayo anasintha mawu ena kapena liwiro.

Nambala imeneyi imavumbulanso maina obisika, pakuti makampani ankakonda kutulutsa nyimbo imodzi pa maina opeka pofuna kuigulitsa m'masitolo osiyanasiyana, ndipo Dalhart yemweyo anatuluka pa maina ochuluka zedi. Poifufuza, buku la Tony Russell lotuluka mu 2004, limene linandandalika mbale za country kuyambira 1921 mpaka 1942, ndilo osonkhanitsa amadalira. Yunivesite ya California ku Santa Barbara nayonso inaika pa intaneti kaundula wa Discography of American Historical Recordings, amene aliyense angafufuzemo kwaulere.

Mkhalidwe wa mbale ndiwo umagamula zotsalazo. Ogulitsa mbale za maulendo 78 amalemba N pa yatsopano, E pa yabwino kwambiri, V pa yogwiritsidwa ntchito ndithu, mpaka kutsika ku G, F ndi P, pomwe a mbale za pulasitiki amalemba NM, VG+, VG ndi G. Musanyengedwe ndi chilembo G, chifukwa ngakhale chikuimira mawu otanthauza kuti yabwino, mbale yake imakhala yotheratu. Mtengo wa mbale yanuyo sindingautchule ndisanaione ndi kuimva.

FUNSO: Bambo, ine ndilibe ndalama kapena malo osungira mbale zoyambirira. Ndimagula ma CD amene asonkhanitsa nyimbo zakalezi. Mnzanga wina amandiseka kuti sindine wosonkhanitsa weniweni. Kodi akunena zoona?
— Wa ma CD

YANKHO: Mnzanuyo msiyeni aseke. Ngati cholinga chanu ndi kumva nyimbo, bokosi lokonzedwa bwino limakupatsani zimene munthu wa mbale zoyambirira sangazisonkhanitse pa moyo wake wonse. Kampani ya Bear Family, imene Richard Weize anayambitsa ku Germany mu 1975, imadziwika ndi mabokosi okhala ndi zonse zimene woimba anajambula m'zaka zakutizakuti, pamodzi ndi buku lotchula tsiku, situdiyo ndi aliyense amene anaimba chida pa nyimbo iliyonse. Kampani ya County, imene Dave Freeman anayambitsa mu 1963, inayamba kalekale kutulutsanso nyimbo za magulu a vayolini ndi banjo a m'zaka za m'ma 1920, ndipo Rounder ndi Smithsonian Folkways nazonso n'zodalirika.

Muzisamala ndi mabokosi otsika mtengo kwambiri. Ambiri amachokera ku Ulaya, kumene kujambula kwa nyimbo kumene kunatulutsidwa chaka cha 1963 chisanafike kulibenso mwini pa lamulo, mwakuti aliyense angakutulutsenso. Ku America lamulo la mu 2018 linamasula zotuluka chaka cha 1923 chisanafike pa 1 Januwale 2022, ndipo za pakati pa 1923 ndi 1946 zimatetezedwa kwa zaka 100. Ena mwa mabokosi a ku Ulayawo ndi abwino, koma ena anangokopera ntchito ya anzawo n'kusefa phokoso ndi kompyuta mopitirira muyeso, mpaka vayolini kumveka ngati akulirira pansi pa madzi. Kaphokoso pang'ono ka shellac ndi chizindikiro chakuti wokonzayo sanadule nyimbo pamodzi ndi phokosolo.

Komabe mnzanuyo musamunyoze, chifukwa CD yanuyo inachokera kwa anthu onga iye. Zikombole zachitsulo za makampani monga Gennett ndi Paramount zambiri zinatayika kapena kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo moto umene unabuka pa malo a kampani ya Universal ku California mu Juni 2008 unapsereza matepi ambiri oyambirira. Nyimbo zochuluka zatifika kudzera pa mbale imodzi kapena ziwiri zimene wina anasunga. Joe Bussard wa ku Frederick, Maryland, amene anamwalira mu 2022, anatha zaka zambiri akugogoda khomo ndi khomo m'midzi ya m'mapiri kufunsa mbale zakale. John Edwards wa ku Sydney, Australia, sanapondepo ku America, koma atamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1960 anasiya mawu akuti mbale ndi makalata ake zitumizidwe kumeneko, ndipo lero zili m'nkhokwe ya zakale ya Southern Folklife Collection pa yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill.

FUNSO: Akonzi, pa katundu amene ndinagula pamodzi panali mbale ziwiri zazikulu modabwitsa, zosakwana pa makina anga, ndipo imodzi yayamba kutuluka zoyera ngati nkhungu. Panalinso matepi a pa mkombero olembedwa pamanja maina a magulu a bluegrass. Kodi zimenezi n'chiyani, ndipo ndizisunge bwanji?
— Wodabwa

YANKHO: Mbale zazikuluzo zikuoneka kuti ndi za pa wailesi. Zimakhala za mainchesi 16, zimazungulira maulendo 33, ndipo mbali imodzi imasunga pulogalamu ya mphindi pafupifupi 15. Sizinkagulitsidwa m'masitolo, koma zinkajambulidwa kuti pulogalamu iulutsidwe woimba ali pa ulendo. A Carter Family anasiya zoterezi kuchokera pa nthawi imene ankaimba pa mawailesi amphamvu a m'malire a Mexico kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo mapulogalamu a m'mawa amene Hank Williams anajambula ku WSM mu 1951 anapulumuka pa mbale zamtunduwu n'kudzatulutsidwa patapita zaka zoposa 50. Pa mbale zoterezi mumamveka oimba akuseka, akulakwitsa ndi kuimba nyimbo zimene sanazijambulepo mu situdiyo.

Yotuluka zoyerayo ikufuna changu. Mwachionekere ndi mbale ya aluminiyamu kapena galasi yokutidwa ndi utoto wofewa umene singano inkalembapo mawu mwachindunji, ndipo zoyerazo si nkhungu, koma mafuta amene akutuluka mu utotowo pamene ukuuma. Zikatero utoto umayamba kung'aluka ndi kusupuka, ndipo chimene chasupuka sichibwereranso. Musaiimbe, musaipukute, ndipo muipereke kwa katswiri wosamutsa mawu a mbale zakale kapena ku nyumba yosungira zakale imene ili ndi makina ake, chifukwa n'kutheka kuti palibenso ina yofanana nayo.

Matepiwo akhoza kukhala a pa zisudzo za poyera. Kuyambira pa chikondwerero choyamba cha bluegrass cha masiku angapo, chimene Carlton Haney anakonza ku Fincastle, Virginia, mu Seputembala 1965, ndiponso kale chisanachitike, okonda nyimbo ankanyamula makina awo n'kumajambula magulu akuimba. Musanaike tepi pa makina, inunkhizeni ndi kuiyang'ana. Ikamanunkha ngati viniga ndiye kuti yayamba kuwonongeka ndipo muipatule pa zinzake, ndipo ikamamata kapena kulira tswii poyenda, imitsani makina nthawi yomweyo. Zolembedwa pamanja pa mabokosiwo muzikopere m'kope monga zilili, tsiku, malo ndi maina, musanasinthe bokosi lililonse.

Kasungidwe ka zonse n'kofanana. Mbale ziziima chilili, zothinana pang'ono kuti zisapendekeke, za msinkhu umodzi pamodzi, m'chipinda chouma ndi chozizira bwino, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyezi. Mashelefu a mbale za shellac akhale olimba ndi ogawidwa m'zigawo zifupizifupi, chifukwa mbale 100 za mainchesi 10 zimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Matepi nawonso aziima chilili m'mabokosi awo, kutali ndi masipika ndi china chilichonse chokhala ndi maginito.